Kapinga Wosalala wa Pabwalo: Kabzalidwe ndi Kasamalidwe Kake

Munthu woyenda m'midzi ya m'boma la Chiradzulu m'mwezi wa Okutobala, kaya ndi kwa Kadewere, kwa Likoswe kapena kwa Mpama, adzaona chinthu chimodzi pafupifupi pakhomo lililonse: bwalo losesedwa bwino, lofiira, lopanda udzu ndi umodzi womwe. Amayi amadzuka m'mamawa ndi tsache m'manja, ndipo pasukulu ana amachita chimodzimodzi belu lisanalire. Ukhondo wotere ndi woyamikika ndithu. Koma uli ndi mtengo wake umene anthu ambiri sauwerengera. Tsache limachotsa dothi pang'ono tsiku ndi tsiku, mphepo imaulutsa lina, ndipo mvula yoyamba ikagwa imakokolola lofewa lotsalalo. Pakapita zaka zingapo maziko a nyumba amene anali m'nthaka amaonekera poyera, mizu ya mango imakhala pamtunda ngati nthiti za ng'ombe yowonda, ndipo pakati pa bwalo la sukulu pamadutsa kangalande kamene kamanka nikakula chaka ndi chaka.

Nyumba za malata zachulukitsa vutoli. Aphunzitsi angathe kupatsa ana samu iyi: mvula yokwana milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, madzi ake ndi lita imodzi. Tsono denga la mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi, pa mvula ya mamilimita 25, limakhuthula malita 1,200, ndiwo ndowa 60 za malita 20. Madzi onsewo amagwera pamzere umodzi m'mbali mwa khonde, ndipo akapeza dothi lopanda chofunda amalinyamula kunka nalo kumsewu, kenaka kumtsinje. Chiradzulu ndi boma laling'ono la anthu ambiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu opitirira 350,000. Kumene nyumba zili zothithikana chotere, madzi ochokera pabwalo la munthu mmodzi ndiwo amakumba chigwembe m'munda wa mnzake wa kumunsi, ndipo milandu ina ya kwa nyakwawa imayambira pomwepo.

Mankhwala a vutoli sali kutali ayi. Ndi kapinga.

Alimi ena akamva dzina limeneli adzagwedeza mutu, ndipo sakulakwa. Kapinga m'munda wa chimanga ndi mdani woipa: ukamulima amaphukanso, ukamudula ndi khasu kachidutswa kalikonse kamasanduka mbewu. Koma khalidwe lomwelo limene limamuipitsa m'munda ndilo limamukometsa pabwalo. Udzu umenewu umayenda njira ziwiri. Uli ndi nthambi zoyanga pamwamba pa nthaka, zimene zimamera mizu pa mfundo iliyonse yokhudza dothi, ndiponso uli ndi zina zoyera zoyenda kunsi kwa nthaka. Zonsezi zimalukana ngati mkeka ndi kumanga dothi kuti madzi asalinyamule. Anthu akaupondaponda umachira msanga, ndipo chilimwe chikafika umauma pamwamba pokha, pansi uli moyo.

Enanso amaopa njoka ndi udzudzu, popeza a zaumoyo akhala akulangiza kwa zaka zambiri kuti anthu azitchetcha udzu wozungulira nyumba. Langizo limenelo ndi loona, ndipo silitsutsana ndi nkhani ino. Njoka imabisala mu udzu wautali. Pa kapinga wotchetchedwa mofupika imaonekera patali monga momwe ikadaonekera padothi. Udzudzu umaswana m'madzi odikha, ndipo zithaphwi zimachuluka pabwalo louma gwa ndi lokumbika kusiyana ndi pabwalo la udzu pomwe madzi amalowa pansi. Choncho amene sadzatha kutchetcha nthawi ndi nthawi asabzale. Bwalo losesa liposa tchire la pakhomo.

Mitundu yake

Akatswiri a zomera amatcha kapinga wamba kuti Cynodon dactylon. Amapezeka m'maiko otentha pafupifupi onse. Ku America amamutcha Bermuda grass, potengera dzina la chilumba cha Bermuda, ngakhale kuti kwawo kwenikweni si kumeneko koma mbali ino ya dziko lapansi. Ku India amamulemekeza mpaka kumugwiritsa ntchito pa mapemphero. M'Malawi muno munthu akayang'anitsitsa adzapeza kuti si kapinga yense ali wofanana. Alipo wa masamba aakulu ndi nthambi zonenepa zothamanga patali, amene ndi wabwino kudyetsa ng'ombe koma pabwalo amakula mosalongosoka. Alipo wina wa masamba aang'ono, mfundo zake zoyandikana, amene amagona pansi. Wachiwiriyu ndiye woyenera kumufunafuna.

Wosalala koposa onse adachokera ku South Africa, ndipo dzina lake ndi Cynodon transvaalensis, kutengera dera limene kale linkatchedwa Transvaal. Masamba ake ndi opyapyala ngati ulusi. Katswiri wina wa ku America, Glenn Burton, amene ankagwira ntchito pamalo a kafukufuku ku Tifton m'chigawo cha Georgia, adatulutsa mitundu yobadwa mwa kukwatitsa kapinga wa ku South Africa ameneyu ndi kapinga wamba. Wotchedwa Tifgreen adatuluka mu 1956, ndipo Tifway mu 1960. Tifway adapezeka mwamwayi pakati pa mbewu zimene zidatumizidwa kuchokera ku Johannesburg mu 1954. Mitundu imeneyi idafalikira m'mabwalo a gofu ndi a mpira m'maiko ambiri otentha. Chofunika kudziwa ndi chakuti mitundu yokwatitsayi sibala mbewu zomera, kotero imafalitsidwa pobzala nthambi zake basi. Munthu akagulitsidwa njere m'pepala nauzidwa kuti ndi za Tifway, adziwe kuti wanamizidwa.

Kodi wa kumudzi asankhe uti? Kapinga wa pagofu ndi wokongola zedi, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: amafuna makina otchetchera, feteleza wa kawirikawiri ndi madzi a m'mipope. Akasowa zimenezi amaoneka womvetsa chisoni kuposa wamba. Pakhomo la kumudzi ndi pasukulu ya pulayimale, nzeru ndi kutenga kapinga wa masamba aang'ono amene wamera kale m'deralo, m'mphepete mwa msewu, pabwalo lakale la mishoni kapena pamalo odyetsera mbuzi, pakuti ameneyo adazolowera dothi ndi chilimwe cha komweko. Potenga, munthu apemphe kaye kwa mwini malo, ndipo asakumbe ponseponse mpaka kusiya dazi. Atenge timizere, otsalawo adzatseka okha.

Kukonza malo

Kapinga amakonda dzuwa. Pamalo pamene dzuwa silifika theka la tsiku amaonda, natalika, nazimirira. Choncho pansi pa mango ndi m'mbali mwa khoma losaona dzuwa munthu asadzivutitse. Nkwabwinonso kusiya pena posesa: pamalo poyanikira ufa ndi mphale, pozungulira nkhokwe ndi khitchini, ndi kanjira kopita kuchimbudzi. Kanjira kamene anthu amadutsa tsiku lonse kaikidwe miyala yaphanthiphanthi kapena zidutswa za njerwa, chifukwa palibe udzu umene ungapirire mapazi a banja lonse pamzere umodzi.

Ntchito yokonza iyambe m'mwezi wa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe. Dothi la pabwalo lakale limakhala lolimba ngati njerwa, makamaka katondo, ndipo pano mpamene ambiri amalephera: amangokanda pamwamba ndi kubzala, mizu nkulephera kulowa. Pafunika kugaula mozama masentimita 15 kapena 20, ndiko kuti kuzama kwa khasu lathunthu, ndi kuphwanya zibuma zonse. Miyala, magalasi osweka, zitini ndi mapepala a pulasitiki zitoledwe. Dawe achotsedwe ndi timbatata take tomwe, pakuti akatsala adzavuta zaka zambiri.

Kenaka pathiridwe manyowa owolerana bwino. Anthu a ku Chiradzulu ali ndi mwayi pamenepa popeza ambiri amaweta ng'ombe za mkaka m'makola, ndipo ndowe sizisowa. Koma zikhale zoola. Ndowe zaziwisi zimabwera ndi njere za maudzu ndipo zimaitana chiswe. Ndowa imodzi pa malo a mamita awiri kapena atatu, yosakanizidwa ndi dothi la pamwamba, ndi chiyambi chabwino. Pomaliza malowo asalazidwe ndi leki kapena ndi thabwa lokoka ndi chingwe, ndipo atsetsereke pang'ono kuchoka kunyumba, kuti madzi asabwerere ku maziko. Ntchito yosalazayi isachitidwe mothamanga. Dzenje limene latsala lero lidzasunga madzi, ndipo chulu chimene chatsala chidzametedwa mpala ndi chikwakwa nthawi iliyonse yotchetcha.

Pansi penipeni pa malata, pomwe madzi a padenga amagwera, payalidwe mzere wa miyala. Kapinga wongobzalidwa kumene sangalimbane ndi madzi ogwa kuchokera pamwamba chotero.

Kubzala

Nthawi yake ndi pamene mvula yakhazikika, kawirikawiri m'mwezi wa Disembala, nthaka itanyowa mpaka pansi. Kubzala ndi mvula yoyamba yonyenga ndi kutaya mbewu. Kubzala mochedwa, mu Malichi, nakonso nkolakwika, chifukwa udzu umenewu umakula ndi kutentha, ndipo kuzizira kukayamba mu Meyi umaima usanatseke bwalo.

Mbewu ikumbidwe tsiku lomwelo lobzala kapena dzulo lake madzulo, ndipo isungidwe pamthunzi m'thumba lonyowa. Nthambi zidulidwe m'zidutswa zotalika ngati chikhatho, chilichonse chikhale ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Wobzala alembe timigula tosazama ndi khasu, motalikana masentimita 20, modutsa chitsetso osati motsata kumene madzi amalowera. M'timigulamo agoneke zidutswazo motalikana masentimita 20 ndi kuzikwirira, kusiya nsonga ya masamba ili panja. Akatha aponde ndi phazi kuti dothi ligwirane ndi mfundo. Kupondaku kusaiwalike, pakuti chidutswa chimene chili lende m'dothi lofukafuka chimauma ngakhale mvula ikugwa.

Bwalo la mamita 10 mbali zonse, pa mpata umenewu, limadya zidutswa 2,500. Chiwerengerochi chisaopse munthu. Banja la anthu anayi lingamalize tsiku limodzi kapena awiri. Mbewu ikachepa, mpata ungakule kufika masentimita 30, ndipo zidutswa zofunika zimatsika kufika pafupifupi 1,100, koma bwalo lidzachedwa kutseka ndipo kupalira kudzachuluka. Mvula ikakhala yabwino, bwalo lobzalidwa mothithikana limatseka pa miyezi iwiri kapena itatu.

Masabata oyamba ndiwo ovuta. Kukachita ng'amba, pathiriridwe madzulo ndi keni. Chisoso, bonongwe, khovani ndi dawe zimamera msanga kuposa kapinga, ndipo zizulidwe ndi manja zikadali zazing'ono, khasu lisalowemo. Nkhuku zimafukula zidutswa pofuna nyongolotsi m'manyowa, mbuzi nazo zimazula udzu umene sunagwire. Nthambi za minga zoyalidwa pamwamba zimathandiza, ndipo zichotsedwe udzu ukayamba kuyanga.

Kutchetcha

Chinsinsi cha kapinga wosalala chili pa kutchetcha, osati pa feteleza. Udzu umenewu ukadulidwa nsonga kawirikawiri umaleka kukwera m'mwamba nuyamba kuyanga cham'mbali, masamba ake nachepa, nuthithikana. Ukalekereredwa mwezi wathunthu umatalika, kunsi kwake nkukhala mapesi okhaokha ofiirira. Tsono munthu akabwera ndi chikwakwa nadula zonse kamodzi, bwalo limatsala lotuwa ngati lapsa, ndipo maudzu ena amapezerapo mpata. Lamulo limene osamala mabwalo amatsata ndi ili: pa kutchetcha kumodzi osachotsa zopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu. Ngati munthu afuna kapinga wa masentimita 4, atchetche akafika masentimita 6. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale zimenezi zitanthauza kamodzi pa sabata.

Makina ndi abwino kwa amene ali nawo, koma chikwakwa chakuthwa chimakwanira. Chikhale chonoledwa ndithu, chifukwa chobuntha chimang'amba masamba m'malo mowadula, ndipo nsonga zake zimayera. Wotchetcha asatsitse dzanja mpaka kumenya dothi. Kutchetcha koyamba kuchitike pamene udzu wagwira, woti ukaukoka ndi zala sukuzuka.

Zotchetcha zazifupi zisiyidwe pomwepo, zidzaola ndi kubwezera chakudya m'nthaka. Zikachuluka mpaka kuphimba udzu, ziwoledwe ndi kuperekedwa kwa ng'ombe kapena akalulu. Koma zisatayidwe pa mulu wa kompositi wopita kumunda ngati muli nthambi za mfundo, chifukwa imeneyo ndi njira yachidule yolowetsera kapinga m'chimanga.

Chakudya chake ndi chilimwe

Kamodzi pa chaka, mvula ili pafupi, pawazidwe manyowa osefedwa osakaniza ndi mchenga pang'ono, mopyapyala kuti nsonga za udzu zizionekabe. Zimenezi zimadyetsa udzu ndiponso zimadzaza timaenje. Amene angathe kugula feteleza angawaze Urea wokwana kilogalamu imodzi pa bwalo la mamita 10 mbali zonse, kamodzi kapena kawiri m'dzinja. Awaze mofanana ponseponse, masamba ali ouma, mvula ili pafupi kugwa, kapena athirire akangomaliza. Urea wotsalira pamasamba amawatentha. Komabe kunena zoona, pakhomo pamene feteleza ndi wosakwanira chimanga, thumba lipite kumunda. Kapinga adzakhala ndi moyo ndi manyowa okha.

Kuyambira Juni kapinga amayamba kufiira. Mvula yowaza ya chiperoni imamusungako pang'ono m'madera okwera a kufupi ndi phiri la Chiradzulu, koma pofika Seputembala ndi Okutobala amauma ndithu. Ambiri amaganiza kuti wafa, ndipo ena amamutentha kapena kumupala ndi khasu. Kumeneko nkulakwa. Udzuwo wangogona, ndipo masamba oumawo ndiwo akuphimba dothi ku mphepo ndi dzuwa. Mvula ikagwa kawiri katatu udzabiriwiranso. Sikoyenera kutuma ana kukatunga madzi kumjigo chifukwa cha udzu pamene anthu ali pamzere kudikira madzi akumwa. Madzi otsukira mbale ndi otsukuluzira zovala angathiridwe pa kachigawo ka kukhomo, bola asakhale a sopo wambiri ndipo asathiridwe pamalo amodzimodzi masiku onse. M'chilimwe kutchetcha kuchepe, ndipo udzu usiyidwe wotalikirapo.

Adani ake si ambiri. Chiswe chimadula udzu wouma m'chilimwe nkusiya zigamba. Kuchotsa milu ya zinyalala ndi zitsa zoola pafupi kumachepetsa vutoli, ndipo zigambazo zimatsekeka m'dzinja. Ntchemberezandonda zikabuka zimatha kumeta bwalo lonse m'masiku owerengeka. Kapinga amaphukanso, koma woziona pabwalo akauze mlangizi wa zaulimi tsiku lomwelo, chifukwa mbozi zomwezo zikulowera kuminda.

Kumutsekera malire

Apa mpofunika kusamala kwambiri, makamaka m'boma lino momwe chimanga, nandolo ndi ndiwo zamasamba zimalimidwa mpaka kuseri kwa nyumba. Kapinga sadziwa malire. Pakati pa bwalo ndi munda pakumbidwe kangalande kozama masentimita 20 kapena kupitirira, kokhala kopanda kanthu, ndipo mwini wake aziyendera ndi khasu kawiri pa mwezi m'dzinja, kudula nthambi iliyonse yofuna kuwoloka. Njerwa zoimika zimaoneka bwino ndipo zimaletsa nthambi za pamwamba, koma zija za kunsi zimadutsa m'mipata yake, kotero kuyendera sikutha. Zodulidwazo ziyanikidwe padzuwa pamwala kapena pa lata mpaka ziume gwa. Ndiponso munthu asabzale kapinga m'malire a munda wa mnzake asanakambirane naye. Bwalo lokongola limene ladzetsa udani ndi achibale a khomo loyandikana silinapindule kanthu.

Za pasukulu

Bwalo la mpira ndi lalikulu: la mamita 100 m'litali ndi 64 m'lifupi lili ndi malo okwanira mabwalo 64 a pakhomo onga lija lawerengedwa pamwambapa. Sukulu imene ifuna kubzala lonse chaka chimodzi idzatopa ndi kulekera panjira. Njira yabwino ndi kuyamba ndi nazale, kachigawo kamodzi kothiridwa manyowa ambiri, kumene mbewu ya chaka chamawa idzachokere. Chaka chachiwiri abzale theka la bwalo, ana azisewera kutheka linalo, kenaka asinthane. Popeza nthawi yobzala imakumana ndi tchuthi cha Khirisimasi, ndi bwino kubzala sukulu isanatsekere, kuti udzu ugwire pamene mapazi a ana palibe. Koma mphunzitsi wamkulu apangane ndi komiti ya sukulu ndi mfumu za ziweto ndi za anyamata a m'mudzi amene amasewera pabwalopo. Pagolo ndi pakati pa bwalo ndi pomwe pamayamba kutha. Malo amenewa azigaulidwa ndi kubzalidwanso chaka chilichonse kuchokera ku nazale ija. Kalasi iliyonse ikapatsidwa chigawo chake, ana amasamala ndi mpikisano, ndipo fumbi lolowa m'makalasi m'miyezi yotentha limachepa.

Koma kapinga asapatsidwe ntchito yoposa mphamvu zake. Anthu a ku Chiradzulu akukumbukira namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zidatsika m'mapiri ndi kukwirira nyumba ndi anthu. Udzu wa pabwalo sungaletse zotere. Malo otsetsereka kwambiri amafuna mitengo, akalozera ndi mizere ya udzu wa vetiva, ndipo chigwembe chimene chakula kale chimafuna kutchingidwa ndi miyala kaye. Ntchito ya kapinga ndi ya pamalo athyathyathya kapena otsetsereka pang'ono: pakhomo, pasukulu, patchalitchi ndi pamzikiti, m'mbali mwa ngalande ya mjigo.

Pansi pa mitengo, pomwe kapinga amakana, pali udzu wina umene ogulitsa maluwa m'tauni amautcha LM, kutengera dzina lakale la mzinda wa Maputo, Lourenço Marques. Masamba ake ndi okulirapo ndi ofewa, umapirira mthunzi, ndipo umabzalidwa ndi nthambi monga kapinga. Suyenda kunsi kwa nthaka, kotero ndi wosavuta kuuletsa kulowa m'munda, koma supirira kupondedwa kwambiri ndipo sufuna kutchetchedwa mofupika. Pamene mthunzi uli wandiweyani, monga patsinde pa mango aakulu, ngakhale umenewu sukula; pamenepo pazunguliridwe ndi miyala, masamba ogwa asiyidwe m'kati mwake kuti aphimbe mizu, ndipo tsache lizilekezera kunja kwa miyalayo.